Tiwauze Anthu Zoona za Phiri la Songwe

M'chaka cha 2011 akatswiri a kampani ya Mkango Resources adayamba kuboola phiri la Songwe m'boma la Phalombe, pakati pa phiri la Mulanje ndi nyanja ya Chilwa. Mu 2018 mokha adaboola mabowo 91. Timiyala tomwe adatulutsa pansipo tidatsimikiza kuti phirili lili ndi miyala ya mtengo wapatali monga neodymium, imene amapangira maginito a galimoto zoyendera magetsi.

Ife tikuti kuboola phiri si kukumba mgodi ayi. Woboola ali ngati mlimi wofukula phando limodzi pofuna kuona ngati chinangwa chakhwima. Popanda ntchito imeneyi Boma likadakambirana ndi kampaniyi lili mumdima. Koma pa mgwirizano umene udasainidwa mu July 2024, dziko lino lidapeza magawo 10 pa 100 alionse a mgodiwo.

Nchifukwa chake tikupempha atsogoleri a chipani, mafumu ndi onse ogwira ntchito m'Boma kuti apite kumidzi yozungulira phirili kukafotokozera anthu mwachimvekere. Asawalonjeze ntchito ndi ndalama za mawa lomwe, pakuti kutsegula mgodi kumatenga zaka. Komanso asawabisire kuti mabanja ena adzayenera kusiya minda yawo, ndi kuti chipukuta misozi choyenera ndi ufulu wawo.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma munthu amadekha pokhapokha atauzidwa zoona.