Mnzathu Wotsala Pabenchi Nthawi ya Ukaristia



Lamulungu lililonse, wansembe akatsika paguwa kudzagawa Ukaristia, mabenchi amayamba kukhuthuka. Kwaya imayamba nyimbo, mizere imayalana, ndipo aliyense amadziwa nthawi yake yoimirira. Koma pamakhala ena otsala, ndipo tisanamizane, maso athu amawaona. Tikatuluka m'tchalitchi nkhani imayamba: "Mwaona kuti uje sanalandirenso? Mwezi wachitatu uno." Akakhala mtsikana, ena amayamba kuwerenga miyezi. Akakhala mnyamata, timati ali ndi tchimo limene akuopa kukalapa. Akakhalanso kuti waonda, chigamulo chimagwa msanga, ndipo dzina la matenda amene tikumuganizira timalitchula monong'ona.

Sabata ino ndikupempha kuti tiganizire za mmodzi mwa otsalawo, amene mlandu wake wonse ndi wakuti kachidutswa ka mkate wa tirigu, ngakhale kochepa ngati chikhadabo, kamavulaza matumbo ake.

Matenda ake amatchedwa celiac. M'tirigu, m'barele ndi m'mbewu ina yotchedwa rye muli chinthu chotchedwa gluten, chimene chimachititsa kuti ufa wokanda uzimatana ndi kufufuma bwino. Kwa ambiri a ife gluten alibe vuto. Koma mwa munthu wa celiac chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka. Gluten akangofika m'matumbo aang'ono, chitetezocho chimayamba kuwononga timinofu ting'onoting'ono tonga tizala, timene ntchito yake ndi kuyamwa chakudya kuti chilowe m'magazi. Timinofuti tikafota, munthu amadya koma thupi silipindula. Amatsekula m'mimba kawirikawiri, mimba imatupa, amaonda, magazi amachepa, amangokhala wotopa. Ana amapinimbira. Ena amatuluka zotupa zoyabwa m'zigongono ndi m'mawondo, ndipo pakapita zaka mafupa amafooka. Mankhwala akumwa ochiza matendawa palibe. Chithandizo chake ndi chimodzi chokha: kusala gluten moyo wonse.

Akatswiri a zaumoyo amati pa dziko lonse munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 100 ali ndi celiac, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa. Matendawa amayenda m'magazi a banja, kotero kuti mwa abale enieni a wodwala, mmodzi mwa 10 amapezeka nawonso. Dokotala wa ku London, Samuel Gee, anawalongosola bwino m'chaka cha 1888, koma gwero lake linadziwika mochedwa. Dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, anaona kuti pa njala yaikulu imene inagwa m'dziko lake m'zaka za 1944 ndi 1945, buledi atasowa, ana odwala matendawa anayamba kupeza bwino, ndipo buledi atabweranso anayambiranso kudwala. Zimene anapezazo anazilemba m'chaka cha 1950. Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti amenewa ndi matenda a azungu okha, koma kafukufuku wofalitsidwa mu 1999 anapeza kuti pakati pa ana a mtundu wa Saharawi, m'misasa ya othawa kwawo ku Algeria, ana oposa 5 mwa 100 aliwonse anali nawo. Choncho Africa sinapatulidwe. Ife kuno takulira nsima, kondowole, mpunga, mapira, mawere ndi mbatata, zonse zopanda gluten. Koma taonani mmene buledi, masikono, mandasi ndi mabisiketi zalowera m'miyoyo yathu. Chakudza sichiimba ng'oma.

Tsono kwa mkatolika vutoli limafika mpaka paguwa. Malamulo a Eklezia, pa ndime 924, amanena kuti mkate wa Misa uyenera kukhala wa tirigu yekha. Kalata imene Kadinala Joseph Ratzinger, amene pambuyo pake anakhala Papa Benedict XVI, analembera maepiskopi pa 24 Julayi 2003 inanena mosabisa kuti mkate wopandiratu gluten suyenera pa nsembe ya Ukaristia. Mu 2017, mopemphedwa ndi Papa Francis, Kadinala Robert Sarah analemba kalata ina yotsimikiza zomwezo. Mawu amenewa ndi olemera kwa munthu amene tirigu amamudwalitsa. Mu 2004, ku New Jersey m'dziko la America, mtsikana wa zaka 8 wodwala celiac analandira Ukaristia woyamba ndi mkate wa ufa wa mpunga, ndipo dayosizi ya Trenton inalengeza kuti umenewo sunali Ukaristia weniweni. Nkhaniyi inawawa mitima ya anthu ambiri, ndipo ndani wa ife amene sangamve chisoni poganizira mwana wovala zoyera akuuzidwa zotere?

Funso likubwera lokha: bwanji Eklezia osangolola ufa wa mpunga kapena wa chimanga? Akatswiri ena a zaumulungu a muno mu Africa anafunsapo funso lofanana nalo, ponena kuti tirigu ndi mphesa si chakudya cha makolo athu. Yankho la Eklezia lakhala lakuti iye ndi wosunga chabe wa masakramenti, mwini wake ndi Khristu. Angathe kusintha chilankhulo cha Misa, nyimbo, zovala ndi miyambo yozungulira, koma chimene Ambuye anatenga m'manja mwawo pa Mgonero Wotsiriza alibe mphamvu yochisinthanitsa ndi china. Ine ndimavomereza yankho limeneli, ngakhale ndikudziwa kuti silichotsa ululu wonse. Mkate umodzimodzi umene mkhristu wa ku Manila, wa ku Lima ndi wa kumudzi kwathu amalandira ndiwo umatimanga pamodzi ndi chipinda chija cha ku Yerusalemu. Koma amene wavomereza lamuloli wasenzanso udindo, pakuti sitingatseke khomo limodzi n'kusiya kuonetsa m'bale wathu makomo amene ali otsekula.

Makomo otsekula alipo awiri, ndipo ambiri a ife sitiwadziwa.

Loyamba ndi mkate wa gluten wochepa kwambiri. Kalata yomweyo ya 2003 inavomereza mkate wopangidwa ndi tirigu weniweni umene gluten wake wachepetsedwa, malinga watsalamo wokwanira kuti ukhalebe mkate ndipo sanathiremo zinthu zina zachilendo. Masisitere a chipani cha Benedikito Woyera a ku Clyde, m'chigawo cha Missouri ku America, anayesayesa kwa zaka zambiri mpaka anapanga mkate wotere m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo odwala ambiri amaulandira popanda vuto. Komabe wodwala aliyense ayambe wafunsa dokotala wake, chifukwa matupi amasiyana.

Khomo lachiwiri ndi chikho. Ndime 925 ya Malamulo a Eklezia imalola kuti pakakhala chifukwa chachikulu, munthu alandire Ukaristia m'maonekedwe a vinyo okha, ndipo kalata ya 2003 inatchula odwala celiac mwachindunji. Apa tikumbuke katekisimu wathu. Msonkhano wa ku Trent unaphunzitsa m'zaka za 1551 ndi 1562 kuti Khristu yense wathunthu alimo m'maonekedwe a mkate, ndipo alimonso yense wathunthu m'maonekedwe a vinyo. Wolandira Magazi a Ambuye okha salandira theka la Yesu. Chilolezo cha zonsezi chimachokera kwa Ambuye Episkopi, amene angathe kupereka mphamvuyo kwa abambo mfumu, ndipo chikaperekedwa chimakhalapo nthawi yonse imene vutolo lilipo.

Pali mawu ena amene ndawamvapo kwa akhristu achangu, ndipo ndiyenera kuwatsutsa. Amati: "Ukakhala ndi chikhulupiriro, Thupi la Ambuye silingakudwalitse. Pajatu si mkatenso." Mawuwa amamveka oyera, koma si chiphunzitso cha Eklezia. Timakhulupirira ndithu kuti pa mawu a wansembe mkate umasandulika Thupi la Khristu. Koma timaphunzitsidwanso kuti maonekedwe a mkate amatsala: mtundu wake, kulemera kwake, kukoma kwake, ndi mmene umagwirira ntchito m'thupi la munthu. N'chifukwa chake Ukaristia umakoma ngati mkate palilime, ndipo Magazi a Ambuye amanunkhira ngati vinyo. Gluten nayenso amagwirabe ntchito yake m'matumbo. Kuuza wodwala kuti alandire mkate wamba pofuna kuonetsa chikhulupiriro n'kumusenzetsa katundu amene Mulungu sanamusenzetse, ndipo n'kumukankhira kuti ayese Mulungu. Thupi lake ndi mphatso imene ayenera kuisamala.

Nanga parishi yathu ingachite chiyani? Zofunika n'zazing'ono, koma zimafuna chidwi. Mkate wa gluten wochepa uyenera kuikidwa m'kachotengera kakekake kotseka, osasakanizidwa ndi mikate ina, ndipo wodwala alandire poyambirira, zala za wogawa zisanagwire mikate yambiri. Kwa wolandira m'chikho, tikumbuke kuti wansembe amaponya kachidutswa ka mkate wopatulidwa m'chikho chake tisanayambe kulandira, choncho wodwala amafunika kachikho kena kapadera kamene simunagwere kanyenyeswa kalikonse. Inu otumikira paguwa ndi inu osamala ziwiya za Misa, ntchito imeneyi ndi yanu. Wina angaone ngati tikukokomeza, koma muyezo wa dziko lonse umati chakudya chimatchedwa chopanda gluten pokhapokha ngati muli mamiligalamu osapitirira 20 pa kilogalamu imodzi. Nyenyeswa imene diso likuipeputsa, matumbo a wodwala amaimva.

Ndipo iwe mnzanga wodwala, usadzibise. Pita kwa abambo mfumu pakati pa sabata, osati mphindi zisanu Misa isanayambe, ukawafotokozere zimene dokotala anakuuza. Ukachita manyazi, tengana ndi kholo lako kapena mtsogoleri wa mphakati wanu. Sukupempha chifundo chapadera. Ukupempha chimene Eklezia anakupatsa kale.

Nkhaniyi sithera paguwa pokha, imafikanso pa mphasa zathu. Kwathu kuno kukana chakudya ndi mlandu. Mlendo akakana chimene wapatsidwa, timati ndi wonyada, kapena akutiganizira kuti tamuthirira mankhwala. Taganizirani tsono mnyamata wa celiac pa msonkhano wa achinyamata pamene chakudya cham'mawa ndi tiyi ndi buledi basi, kapena pa chikondwerero cha Ukaristia woyamba pamene patebulo pali mandasi, masikono ndi keke. Akadya, adwala masiku angapo. Akakana, timuseka kuti wayamba chizungu. Ambiri amasankha njira yachitatu, ndiyo kungosiya kubwera. Timawataya mwakachetechete, ndipo timati anazilala pa chikhristu.

Paulo Woyera, m'kalata yake yoyamba kwa Akorinto mutu 11, anadzudzula akhristu amene pa misonkhano yawo ankadya n'kukhuta pamene anzawo ali ndi njala, ndipo anaona khalidwe lotere ngati kunyoza Mgonero wa Ambuye weniweniwo. Chidzudzulo chimenechi chikutikhudza. Komatu kukonza kwake n'kosavuta, ndipo n'kotchipa. Mbatata yophika, chinangwa, nthochi, chimanga chachiwisi, mazira, mpunga ndi thobwa la chimanga ndi mawere, zonsezi wodwala celiac angadye. Chofunika ndi kusamala pophika. Mafuta amene mwakazingira mandasi musakazingirenso mbatata yake, mpeni wodulira buledi usadulirenso chakudya chake, ndipo ngati m'zitumbuwa kapena m'chigumu mwathiramo ufa wa tirigu, nenani.

Pali anzathu enanso amene zakudya zina zimawavuta ngakhale alibe celiac. Ena mkaka umawatsekula m'mimba chifukwa matupi awo sagaya bwino shuga wa mumkaka, ndipo vuto limeneli ndi lofala pakati pa akuluakulu muno mu Africa. Ena mtedza umawatupitsa milomo ndi kukhosi mpaka kubanika, kotero kuti ndiwo zotendera, zimene ife timaziona ngati ulemu kwa mlendo, kwa iwo zingakhale ngozi ya moyo. Ena tirigu amawapweteka m'mimba ngakhale matumbo awo sawonongeka. Mlembi wa gulu akamalemba maina a opita ku msonkhano, n'chiyani chingamuvute kufunsa kuti, "Kodi pali chakudya chimene simudya?" Safunsa anadya phula, koma pa nkhani iyi safunsa amadyetsa mnzake phula.

Chenjezo limodzi ndilipereke. Wina asawerenge izi n'kudzigamula yekha kuti ali ndi celiac. Kutsekula m'mimba ndi kuonda kuli ndi magwero ambiri, monga njoka za m'mimba, madzi oipa, chifuwa chachikulu ndi HIV, ndipo onsewa ali ndi chithandizo chake kuchipatala. Celiac amadziwika poyeza magazi, kenako poona kachidutswa ka m'matumbo. Ndipo munthu asasiye kudya za tirigu asanayezedwe, chifukwa akasiya, zizindikiro zimabisala ndipo zotsatira zimanama.

Abale anga, Lamulungu likudzali mabenchi adzakhuthukanso, ndipo wina adzatsalanso. Chifukwa chake sitidzachidziwa, ndipo si ntchito yathu kuchifufuza. Ntchito yathu ndi kutseka pakamwa pa miseche, ndi kuonetsetsa kuti ngati chomutsalitsa ndi tirigu, parishi yathu yamukonzera njira. Pokumana m'miphakati sabata ino tifunsane: kodi pakati pathu pali amene anasiya kubwera ku zochitika zathu chifukwa cha chakudya? Nanga ndani wa ife adzapite kukakamba ndi abambo mfumu za kachikho kapadera? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tipemphere: Ambuye Yesu, Inu amene mumadzipereka wathunthu m'kachidutswa kamodzi ndi m'dontho limodzi, yang'anani abale athu amene chakudya cha tsiku ndi tsiku chimawadwalitsa. Apatseni kupirira, ndipo ife mutipatse mtima wosaweruza ndi manja okonza malo, kuti pagome lanu pasasowe mwana wanu ndi mmodzi yemwe. Amen.

Mulungu akudalitseni nonse m'sabata imeneyi.