Akuzenga Mlandu wa Nyumba Mwini Wake Ali Panja

Ndatopa nawo anthu amene akangomva zoti kompyuta amayamba kuvina ng'oma isanalire. Amati mapepala akachoka m'maofesi ndiye kuti kuchedwa kwatha, chinyengo chatha, chilungamo chafika. Ukawatsutsa amakulozera ku America, kumene mabanki obwereketsa ndalama zogulira nyumba amatumizirana mauthenga ndi boma kudzera pa makina. Chabwino, tiyeni tipite ku America komweko.

Kumeneko kuli bungwe la boma lotchedwa Federal Housing Administration, mwachidule FHA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1934, ndipo kuyambira 1965 lili pansi pa unduna woona za nyumba wotchedwa HUD. Bungweli silibwereketsa ndalama ayi. Ntchito yake ndi ya inshuwaransi: munthu akalephera kubweza ngongole ya nyumba, boma limalipira banki zimene yataya. Poti ndalama zake zili pachiswe, boma limafuna kudziwa momwe ngongole iliyonse ikuyendera. M'zaka za m'ma 1990 unduna uja unayamba kulandira malipoti kudzera m'njira yotchedwa EDI, pomwe kompyuta ya banki imalankhula ndi kompyuta ya boma popanda kalaliki pakati. Mtundu uliwonse wa uthenga uli ndi nambala yake. Wa nambala 264 umanena za anthu amene atsalira m'mbuyo pobweza ngongole, ndipo umapita mwezi ndi mwezi. Wa nambala 260 ndi wa banki kupempha boma kuti liilipire.

Zoti njirayi ndi yachangu sindikana. Koma taonani amene akulankhulana: banki ndi boma. Amene akukambidwa ndi mayi uja amagona m'nyumbamo ndi ana ake, ndipo iyeyo alibe nambala. Palibe uthenga wa EDI woti "ndinalipira, nayi lisiti," kapena woti "anandichotsa ntchito, ndipatseni miyezi itatu." Iye akafuna kudandaula amaimba foni n'kudikira, kapena amalemba kalata. Womuneneza akwera ndege, iye mwini akuyenda pansi. Makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pano chitsekocho achikhoma, kiyi n'kupatsa amene m'mimba mwake muli bata.

Dzina likalowa silimathera pomwepo. Mu 1987 unduna womwewo unakhazikitsa kaundula wotchedwa CAIVRS, wa anthu amene alephera kubweza ngongole zokhudza boma. M'kaundulayu nthambi zinanso zimathiramo maina, monga yoona za maphunziro, ya zaulimi ndi ya asilikali opuma pantchito. Boma likalipira banki chifukwa cha nyumba yako, kwa zaka zitatu sungapezenso ngongole ya FHA. Banki ina iliyonse yovomerezeka imangofufuza nambala yako n'kuona chizindikirocho nthawi yomweyo. Chikakhala cholakwika, amene athamange kukafuna ofesi yomwe inachilemba ndiwe. (Ifenso kuno ku Malawi tili ndi lamulo la 2010 lolola mabanki kugawana mbiri za okongola, choncho nkhaniyi tisaiyese ya kutali kwambiri.)

Okonda makina amayankha kuti kompyuta siinama. Inde siinama, komanso siidziwa choonadi. Makina olandira uthenga amaona ngati nambala zakhala m'malo mwake ndi ngati tsiku lalembedwa moyenera. Bodza lolembedwa mwaukhondo limadutsa, choonadi cholembedwa mokhota chimabwezedwa. Oyendera mabuku a boma alipo, koma sangatsegule fayilo iliyonse.

Ndipo mabanki amenewa ndi anthu oti tiwakhulupirire motseka maso? Mu 2010 zinaululika kuti makampani akuluakulu otolera ngongole za nyumba ankasainitsa antchito awo zikalata za lumbiro zolandira anthu nyumba, osaziwerenga n'komwe. Wantchito wina wa kampani ya GMAC anavomera atalumbira kuti ankasaina zikalata pafupifupi 10,000 pamwezi. Werengani nokha, ndi zingati pa ola? Mu 2012 makampani asanu, omwe ndi Bank of America, JPMorgan Chase, Wells Fargo, Citigroup ndi Ally, anagwirizana ndi boma komanso zigawo 49 za dzikolo kuti nkhaniyi ithe ndi madola 25 biliyoni. Ndalama zambiri ndithu, koma mabankiwo sanatsekedwe. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Wina anena kuti amenewo anali manja a anthu, osati makina. Imvani iyi tsono. Mu 2018 banki ya Wells Fargo inavomera kuti pulogalamu yake ya pa kompyuta inkalakwitsa masamu powerengera ndalama zolipira maloya, ndipo chifukwa cha cholakwacho anthu oyenera kuwafewetsera ngongole ankakanidwa. Vutoli linayamba mu 2010. Linali m'kati mwa banki, osati pa njira yopita ku boma, koma m'pamene pagona nkhani yanga: chimene banki yasankha ndicho chimayenda pa njirayo, ndipo aliyense wochilandira kutsogoloko amachitenga ngati choona. Amene akanatha kunena kuti masamuwo sakugwirizana ndi mwini nyumba, koma masamuwo sanamuonetse.

Ine sindikupempha kuti abwerere ku mataipi ndi masitampa. Ndikuti uthenga uliwonse wonena za munthu uzifikanso kwa munthuyo tsiku lomwelo, m'mawu oti awamve, ndipo yankho lake liziyenda pa njira yomweyo, pa liwiro lomwelo, nyumba isanagulitsidwe. Akatswiri amene anakwanitsa kupatsa nambala pempho la banki sangalephere kupatsa nambala dandaulo la wokongola. Kungoti wolipira akatswiriwo si wokongola.

Poyamba Wells Fargo inati anthu okanidwa molakwika anali 625, ndipo inaika padera madola 8 miliyoni owapepesera. Patangopita miyezi itatu inawerenganso n'kupeza 870. Mwa amenewo, 545 nyumba zawo zinali zitalandidwa kale.