Dzimbiri la m'miyendo ya ndege silidikira bajeti

Aliyense amene adagulapo njinga yakale pamsika wa Ndirande akudziwa zomwe penti amachita. Felemu imanyezimira ngati yangotuluka kumene m'sitolo, koma pakatha miyezi iwiri, mutasenza thumba la makala pamtsetse, foloko imangoti thyo! Mukasuzumira pothyokapo mumapeza m'kati monse muli psuu, chitsulo chidadyeka kalekale. Paja akulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Panjinga nkhani imathera pa mabala a m'mawondo ndi makala omwazika. Koma chilipo china chomwe nachonso chimaima pamatayala, ndipo chikathyoka mwendo chimakhala chitanyamula anthu ochuluka kuposa odzaza maminibasi asanu. Ndikunena ndege zomwe anthu a ku Chirimba, Machinjiri ndi Chilomoni amaziona zikutsika kulunjika ku Chileka.

Ndikudziwa kuti wina wanena kale kuti za ndege n'za mabwana, ife zathu ndi kabaza. Koma taganizani bwino. Mwana wanu wa ku Joni akamva za maliro mwadzidzidzi, amakwera chiyani kuti apeze mwambo usanathe? Odwala amene boma limawatumiza ku India amapita pansi? Komanso kampani ya Malawi Airlines, yomwe idayamba kuuluka mu Januwale 2014 Air Malawi itatha, magawo 51 pa 100 alionse ndi a boma, 49 otsalawo ndi a Ethiopian Airlines. Boma lilibe munda. Ndalama zake ndi msonkho womwe mumadula pogula sopo ndi mayunitsi. Choncho ngakhale musadapondemo, ndegezo n'zanu.

Tiyeni tione kaye ntchito yomwe miyendo ya ndege imagwira. Ndege ya mtundu wa Boeing 737-800 imaloledwa kutera ikulemera mpaka matani 66, omwe ndi matumba a chimanga 1,320 a makilogalamu 50. Katundu yenseyo amafika pansi akuthamanga makilomita pafupifupi 250 pa ola, ndipo amayamba watsamira miyendo iwiri yapakati, ya matayala awiriawiri, mwendo wakutsogolo usadagunde. Izi zimachitika kangapo patsiku, chaka ndi chaka.

Kuti miyendo ipirire zimenezi koma osalemera kwambiri, amaipanga ndi chitsulo cholimba kuposa chomwe amawotcherera mageti ku Ndirande. Vuto la chitsulo chotere n'lakuti sichikhululuka. Dzimbiri likangoboola kadzenje kakang'ono ngati mutu wa singano, kadzenjeko kamasanduka poyambira mng'alu. Ndege ikatera, mng'alu uja umakula pang'ono. Mawa chimodzimodzi. Chitsulocho sichipindika kaye kuti chikuchenjezeni, chimangothyoka.

Ndipo palibe mbali ya ndege yomwe imasamba matope ngati miyendo. Matayala amamwaza madzi, mchenga ndi timiyala tomwe timasupula penti ndi zokutira zoteteza chitsulo. Ikanyamuka, miyendo imapindidwa n'kulowa m'chipinda chosafunditsidwa, ndipo kumwamba komwe ndege zikuluzikulu zimauluka kumazizira mpaka madigiri 50 kunsi kwa ziro. Ikamatsika n'kulowa mumpweya wofunda wa m'Dzinja, chitsulo chozizira chija chimachita thukuta monga botolo la Fanta lochokera m'firiji. Madzi amenewo amalowa m'ming'alu momwe nsanza siifika, n'kukhala momwemo.

Zomwe zimachitika madziwo akakhalitsa zidaoneka ku Ulaya mu 2007. Pa 9 Sepitembala chaka chimenecho, ndege ya kampani ya SAS ya mtundu wa Q400 idachoka ku Copenhagen kupita ku Aalborg m'dziko la Denmark itanyamula anthu 73. Poyandikira kutera, oyendetsa adaona kuti mwendo wakumanja sudakhazikike bwino. Itangogunda pansi mwendowo udapindika, phiko lidakhula pansi, ndipo zidutswa za chopukusa mphepo zidaboola ndegeyo n'kulowa momwe mudali anthu. Mwamwayi palibe adafa, ngakhale ena adavulala. Patangotha masiku atatu, pa 12 Sepitembala, ndege ina ya kampani yomweyo, mtundu womwewo, idapindika mwendo wakumanja ikutera ku Vilnius m'dziko la Lithuania.

Ofufuza atamasula adapeza kuti vuto lidali pachitsulo chomwe chimakoka mwendo pounyamula ndi poutsitsa. Chitsulocho chimalumikizidwa ndi chinzake popotokolerana, monga nati imagwirira pabawuti. M'mazinga amenewo mudalowa chinyontho, dzimbiri lidadya mazingawo mpaka zitsulo ziwirizo zidasolokana, mwendo n'kugwa mwamphamvu mopanda choutchinjiriza. Kunja kudali koyera bwinobwino. Chomwe chimandidabwitsa kwambiri pankhaniyi n'chakuti amakaniko sadazembe ntchito yomwe buku lidawalamula. Bukulo, lomwe limafotokoza za kasamalidwe ka ndegeyo, silidanene kuti malo amenewo azitsegulidwa n'kuyang'anidwa pafupipafupi. Dzimbiri lidapeza pomwe lamulo silidafike.

Onani zomwe zidatsatira. Kampani ya Bombardier, yomwe inkapanga ndegezi ku Canada, idalangiza kuti Q400 iliyonse yomwe idatera koposa ka 10,000 iime kaye mpaka miyendo yake itayang'anidwa. Boma la Canada lidatulutsa chikalata cholamula, osati chopempha, kuti eni ndege zotere amasule n'kuyang'ana. Ndege zambiri padziko lonse zidaima, matikiti adabwezedwa, makampani adaluza ndalama zankhaninkhani. Atamasula adapeza dzimbiri lomwelo m'ndege zina zomwe zinkauluka tsiku ndi tsiku popanda wodandaula. Ngozi yachitatu itachitika ku Copenhagen pa 27 Okutobala, ngakhale gwero lake lidali lina, SAS idasiya kugwiritsa ntchito ndege zake zonse 27 za mtunduwo.

Ndatchula Q400 mwadala, chifukwa Malawi Airlines idayamba ntchito ndi Boeing 737 ndi Q400, ndipo anthu ambiri oyenda pakati pa Chileka ndi Lilongwe adaikwerapo. Musandimve molakwa. Sindikunena kuti miyendo ya ndege zathu yadyeka. Vuto la 2007 lidadziwika, malamulo adasinthidwa, ndipo mtundu umenewu wapitiriza kunyamula anthu miyandamiyanda m'maiko ambiri. Mfundo yanga n'njakuti chomwe chidapulumutsa anthu pambuyo pa Aalborg si mwayi ayi, koma ofesi yokhala ndi mphamvu yonena kuti ndege iyi lero siinyamuka, ndipo aliyense n'kumvera.

Malamulo ake ndi osavuta kuwamva. Ndege isadanyamuke ulendo uliwonse, woyendetsa kapena makaniko amaizungulira wapansi, kuyang'ana matayala, mabuleki ndi mafuta otayikira. Pakapita nthawi yoikika, amatsuka miyendo, kuthira girizi m'malo onse olumikizira, ndi kufufuza pomwe penti wasupuka. Akapeza dzimbiri saliphimba ndi penti. Amalipala mpaka chitsulo choyera chioneke, kenako amayeza chomwe chatsala. Chikachepa kuposa muyezo wa m'buku, chitsulocho chatha ntchito, ngakhale chikuoneka champhamvu. Pofuna ming'alu yosaoneka ndi maso, amagwiritsa ntchito maginito ndi ufa wachitsulo womwe umaunjikana pamng'alu, kapena mankhwala olowa m'ming'alu omwe amawala akaunikidwa ndi nyali yapadera. Ndipo pandege zambiri zikuluzikulu, pakatha zaka pafupifupi 10, kapena ikatera kokwanira nambala yoikika, mwendo wonse umachotsedwa n'kutumizidwa kukaphwasulidwa chidutswa ndi chidutswa. Wogwira ntchitoyo amasaina dzina lake m'buku la ndegeyo, ndipo zikavuta laisensi yake ndiyo imayankha.

Mtima wa malamulo onsewa ndi umodzi: chitsulo chimayang'anidwa chifukwa tsiku lake lakwana, osati chifukwa chayamba kulira. Apa ndi pomwe ife a Malawi timapunthwa. Chizolowezi chathu n'choti bola chikuyenda. Kwerani minibasi ya ku Bangwe kapena ku Zingwangwa, muyang'ane pansi pa mpando. Nthawi zina mumaona phula likudutsa kunsi kwa mapazi anu, chitseko chomangidwa ndi lamba, koma pagalasi pali chikalata chosonyeza kuti galimotoyo idayesedwa n'kupezeka yoyenera kuyenda pamsewu. Kondakitala akuuzani kuti yakhala ikuyenda chonchi zaka zisanu, mukuopa chiyani mayi? Maganizo amenewo akakwera kufika kubwalo la ndege, tapita.

Ndipo umboni ulipo woti adafikako. Mu Januwale 2019, kampani ya South African Airways idaimitsa maulendo ake a ku Chileka bungwe loona za ndege la ku South Africa litayendera bwalolo. Zomwe adapeza sizidali zofuna makina apamwamba kuti uzione: mpanda wa bwalo udali woonongeka, ndipo galimoto zozimitsa moto ndi ambulansi zidali zosadalirika. Mpanda umaoneka ndi maso, aliyense wodutsa ankauona. Zidatengera alendo kubwera kudzatiuza, ndipo titachita manyazi ndi pomwe tidayamba kuthamangathamanga. Ngati tidalephera kuona mpanda, tingadzitame kuti tikuona za m'kati mwa mazinga?

Chowawa kwambiri ndi cha pa 10 Juni 2024, pomwe ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idagwa ku Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino a Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Akatswiri a ku Germany a bungwe la BFU omwe adafufuza ngoziyo adaloza kuuluka motsika m'nyengo yoipa, osati miyendo kapena dzimbiri. Koma m'lipoti lawo muli kanthu kena komwe sitiyenera kukaiwala. Ndege imakhala ndi kachipangizo kotumiza chizindikiro ikagwa, kuti ofunafuna adziwe komwe ili. Batire la kachipangizoko lidatha ntchito mu 2004. Zaka 20! Batirelo silo lidagwetsa ndege, koma dziko lonse lidagona osadziwa komwe ili mpaka idapezeka tsiku lotsatira. Tsiku lotha ntchito lidalembedwa, ndipo kwa zaka zonsezo batirelo silidasinthidwe.

Ndege za asilikali sizigwa pansi pa malamulo a bungwe la ICAO omwe amamanga ndege za anthu wamba, ndipo ndi momwe zilili padziko lonse. Koma ine ndikuti ndege iliyonse yomwe ikunyamula anthu wamba, kaya ndi nduna, odwala kapena maliro, iziyang'anidwa ndi muyezo womwewo. Dzimbiri silidziwa yunifolomu.

Wina anganene kuti dziko lomwe odwala ku Queens amauzidwa kuti akagule okha mankhwala lisataye ndalama pa miyendo ya ndege. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo sindikulipeputsa. Zipangizo za ndege zimagulidwa ndi madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo. Koma nthawi yosowa ndalama ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa ndi pomwe munthu amayamba kunena kuti tidikire kaye bajeti ya chaka chamawa, mwendowu ukadali bwino. Ngati tilibe ndalama yoyang'anira ndege, yankho lake ndi kuiimika. Kuiulutsa mwa chikhulupiriro si kusunga ndalama, chifukwa ngozi imodzi imadya zoposa zomwe tikadalipira, osawerengera miyoyo, komanso makampani akunja amathawa mabwalo athu monga zidachitikira mu 2019.

Lamulo la za ndege la mu 2017 lidakhazikitsa bungwe la Malawi Civil Aviation Authority, kuti woyang'anira asakhalenso nthambi chabe ya unduna, ngakhale padadutsa zaka zingapo lisadayambe kugwira ntchito. Ganizo lidali labwino, pakuti sizimveka kuti boma lomwe lili ndi mabwalo komanso magawo ambiri m'kampani ya ndege likhalenso lodziyesa lokha mayeso. Koma dzina lokha silikwanira. Woyang'anira ndege ayenera kukhala wophunzira mofanana ndi injiniya amene akumuyang'anirayo, alipidwe moti asakopeke ndi envulopu, ndipo akaimitsa ndege pasakhale bwana woimba foni kuti iwe uli ndi ana, ganiza bwino.

Aphungu athu a ku Ndirande, Bangwe ndi madera ena ali ndi mafunso omwe angafunse m'Nyumba ya Malamulo popanda kudikira ngozi. Kodi bungweli lili ndi oyang'anira angati odziwa za makina a ndege? Chaka chatha adayendera ndege zingati, ndipo adaimitsa zingati? Ndege za boma zonyamula anthu wamba, mabuku ake amawerengedwa ndi ndani kunja kwa eni ake? Mayankho ake asindikizidwe m'nyuzipepala, m'Chichewa momwe, monga amachitira ndi zotsatira za mayeso a Fomu 4.

Nafenso okwera tili ndi mbali yathu. Pa Chileka akalengeza kuti ndege ichedwa ndi maola awiri chifukwa amakaniko akuona kaye china chake, anthu amayamba kulalata kuti dziko lino palibe chimayenda, ena mpaka kuopseza atsikana a pakauntala. Phokoso lotero limafika kwa mabwana, ndipo mabwana amalitsitsira kwa makaniko yemwe wagwada pansi pa phiko ndi tochi m'manja, kuti afulumire asaine. Dandaulani kuti sadakuuzeni msanga, dandaulani kuti sadakupatseni madzi akumwa, funsani kuti ulendo wanu wolumikiza ku Johannesburg aukonza bwanji. Makaniko yekhayo musiyeni amalize.