Tisanakweze thumba la nsomba, tizifunsa komwe zagwidwa

Ife odutsa ndi nsomba pa Mwami, Chirundu ndi Nyamapanda timadziwa kunenerera mtengo, kununkhiza ngati zauma bwino ndi kuona ngati mulibe mphutsi. Koma pali funso limodzi lomwe timaliiwala pooda: nsombazi zagwidwa m'madzi ati?

Tisamvane molakwika, nsomba ndi ndiwo zabwino. Usipa, matemba ndi kapenta timadya ndi mutu ndi minga yomwe, ndiye thupi limapezamo ayironi wowonjezera magazi, zinki wothandiza mwana kukula, ndi kashiamu wolimbitsa mafupa. Ngakhale kopa thupi limamufuna, koma pang'ono kwambiri. Akachuluka amapweteka chiwindi. Pomwe mtovu ndi mercury thupi silizifuna n'komwe. Zimaunjikana mwakachetechete n'kuwononga ubongo, makamaka wa ana aang'ono ndi mwana ali m'mimba.

Nsomba imatenga zimenezi m'madzi momwe ikukhala ndi m'zomwe ikudya. Tikukumbukira pa 18 February 2025 pomwe damu la zinyalala za mgodi wa kopa linagumuka ku Chambishi. Madzi a asidi analowa mu Mwambashi mpaka kukathira mu Kafue, nsomba zinafa n'kumayandama, ku Kitwe anatseka madzi a m'mipopi. Ku Manica ndi madera ena a ku Zimbabwe okumba golide amagwiritsa ntchito mercury m'mbali mwa mitsinje, ndipo nsomba zikuluzikulu zodya zinzake ndizo zimamusunga wambiri.

Ena amati, tikawamba pa moto kapena kuyanika padzuwa zonse zitha. Ayi ndithu. Moto umapha tizilombo, koma suchotsa chitsulo. Poyanika amachoka ndi madzi okha, chitsulocho chimatsala momwemo. Maso ndi mphuno sizingatiuzenso, chifukwa nsomba yotere ikauma imaoneka ngati inzake iliyonse.

Tikudziwa, mpamba ndi wochepa, pa boda amatidula, ndiye munthu akatitsitsira mtengo mtima umagunda. Koma amene akadye ndi ana a makasitomala athu, ndipo zotsala pansi pa thumba timapita nazo kunyumba kwathu komwe. Tsiku lomwe zidzamveke kuti nsomba zodutsa pa boda yakutiyakuti zadwalitsa anthu, sadzasankha wolakwa, adzatilanda katundu tonse.

Ndiye tiyeni tigwirizane izi. Pooda tifunse dzina la mtsinje kapena doko, ndipo tikhale ndi asodzi kapena otigulitsa omwe timawadziwa. Nsomba zotola zitafa kale tisagule, zitchipe chotani. Boma likachenjeza za mtsinje wina, tiyambe tausiya mpaka litanena kuti zili bwino. Tisaiwalenso kuti ku Zambia amatseka usodzi m'mitsinje yambiri kuyambira 1 December mpaka kumapeto a February, ndiye nsomba zaziwisi za mu Kafue nthawi imeneyo n'zokayikitsa kale. Nsomba yaikulu tizichotsa matumbo, chiwindi ndi makha, chifukwa zitsulo zambiri zimaunjikana m'menemo.

Inu madalaivala, mumaona zambiri pamsewu kuposa ife. Mukaona mtsinje wasintha mtundu kapena nsomba zikuyandama, tidziwitsane msanga tisanapite kukaoda. Thumba lanu musaliike pafupi ndi mabatire, mafuta kapena katundu wa ku mgodi. Tiyende bwino tonse.