Mageti tili nawo, nanga mtengo wa citsulo uli kuti?

Tikamadutsa mu Alick Nkhata Road ca ku Kalingalinga, timaona mageti, mafelemu a mawindo na mabedi a citsulo atawandandalika m'mbali mwa mseu. Anyamata amawotcelela tsiku lonse, moto uli thethethe. Ise timangoti, "Aja ni a mageti." Sitiganizako kuti manja amodzimodziwo angapinde citsulo n'kukhala nkhwazi, fulu kapena mtengo wa mlambe.

Anzathu a ku Mozambique anaonetsa kuti n'zotheka. Nkhondo yawo yapaciweniweni inatha mu 1992, koma mfuti zinatsala m'manja mwa anthu. Mu 1995, Bishopu Dinis Sengulane anayambitsa nchito yosinthanitsa mfutizo na makasu, njinga na mashini osokela. Mfuti zikabwela anali kuzidula, ndipo amisili a ku Maputo anali kuwotcelela zidutswazo. Anayi mwa iwo anapanga mtengo wautali kuposa mamita 3, wokhala na nthambi, masamba na tunyama m'mbali mwake. Dzina lake ni Tree of Life, ndipo mu 2005 unaonetsedwa ku British Museum mu London. Cimene cinali kupha anthu cinasanduka mtengo.

N'cifukwa ciani anasankha mtengo? Ife tiona kuti mfuti imalunjika kumodzi cabe, pamene mtengo umatambasula nthambi kulikonse. Ndipo luso lagona pamenepo. Geti imafuna tepi yopimila na makona olunjika. Koma kuti khosi la kakowa lioneke lamoyo, mmisili afunika kuyang'anitsitsa kakowa weniweni, kudziwa pamene citsulo cimalola kupindika na pamene moto ungacibowole.

Maso amenewo tinali nawo tili ana. Ndani wa ife sanapindeko galimoto ya waya mu komboni? Palibe anatiphunzitsa. Tinaleka cifukwa tinauzidwa kuti ni maseŵela, ndipo kuwotcelela ni nchito ya olephela sukulu. Manje zitsulo zakutha timazigulitsa pa sikelo, ndalama yake n'kuthela pa talk time.

Ena adzati luso sadyela nsima, geti ndiye imalipila lendi. Ni zoona, ndipo sitikuuza munthu kuti aleke mageti, maka-maka masiku amene malaiti amangozimazima. Koma tifunse: n'ciani cimapangitsa kuti luso lisalipile? Ni ife ogula. Mu mall timalipila maluŵa a pulasitiki osanenelela mtengo. Mnyamata wa pamseu akationetsa mbalame imene waipanga masiku atatu, timamutsitsa mpaka itsike kuposa mtengo wa waya wake. Mawa iye amabwelela ku mageti, ise n'kumadandaula kuti Lusaka ni makoma okhaokha.

Henry Tayali anamwalila mu 1987, koma cifanizo cake ca The Graduate cikali ciimile pa UNZA, ndipo dzina lake lili pa nyumba yoonetsela zaluso mu Showgrounds. Tipiteko tikaone zimene amisili athu akupanga. Tikapeza ndalama yokongoletsela pa nyumba, pa saluni kapena pa shopu, tiyambe tafunsa wowotcelela wa m'dela lathu ngati angatipangile nsomba, tsamba kapena nyanga za mphoyo. Akachula mtengo, timufunse masiku amene adzagwila nchitoyo tisanayambe kunenelela.