Galu akakalamba, katemera asiyidwe?

Galu wanga ali ndi zaka 11, mano ena anaguluka kale. Mnzanga akuti, "Aaa, wakalamba uyu, zakatemerazo zisiyeni." Ine ndikukana. Choyenera kuona si zaka ayi, koma mmene galuyo amakhalira.

Katemera wa chiwewe ndiye palibe zokambirana: zizindikiro zikangoyamba, kaya ndi galu kaya munthu, sachira. Koma wa chifuwa chotchedwa kennel cough amafunika kwa agalu osungidwa ambiri pamodzi. Wangayu amangogona pakhonde, ndiye katemera ameneyu ndamusiya. Za wa leptospirosis ndikafunsa dokotala wa ziweto, poti makoswe amafalitsa matendawa kudzera mumkodzo, ndipo kwathu alipo ambiri.

Ndiye ophunzira, ikani pasikelo zinthu ziwiri: kuthekera kwakuti galu adwale, ndi kuopsa kwa matendawo.