Khasu ndi Mbiri Yace

Pa nchito zonse za anthu palibe yoposa ulimi. Mfumu, mphunzitsi, kalaliki ndi mmisiri, onsewa asamba m'manja madzulo kuti adye nsima, ndipo nsimayo icokera kwa munthu wogwira khasu. Koma alipo ana ena a sukulu amene, atadziwa kulemba ndi kuwerenga, ayamba kupeputsa munda, nati kulima ndiyo nchito ya anthu osaphunzira. Ana otere alakwa ndithu, pakuti ulimi ndiwo nzeru yaikuru, imene mibadwo yambiri inaikundika pang'ono pang'ono.

Kale lomwe anthu sanali kudziwa kulima. Anali kusaka nyama, kukumba mizu ndi kuthyola zipatso za kuthengo, nasamukasamuka kutsata cakudya. Zaka monga 10,000 zapitazo, anthu a ku maiko a mitsinje ya Tigris ndi Euphrates anayamba kufesa tirigu ndi barele, naweta nkhosa ndi mbuzi. Ku China anayamba kulima mpunga. M'Africa muno makolo anasankha mapira ndi mawere pakati pa maudzu a kuthengo. Ndipo popeza munthu sangasiye munda wace dzinthu zisanace, anamanga nyumba zokhalitsa ndi nkhokwe. Momwemo midzi inayamba.

Alimi oyambawo anali kutipula nthaka ndi ndodo zosongoka. Pambuyo pace anthu a ku Egypt ndi maiko oyandikana nao anamanga ng'ombe m'goli kuti zikoke cotipulira. M'dziko la Malawi, zaka zoposa 1,500 zapitazo, amisiri anali kuyenga citsulo m'ng'anjo zadothi, nasula makasu ndi nkhwangwa. Khasu lacitsulo linakuza minda, ndipo linali cuma ca mtengo wapatali, cogula naco zinthu zina.

Ambiri ayesa kuti cimanga ncacikhalire kuno, koma si tero ai. Kwao kwa cimanga ndi ku Mexico, kutsidya kwa nyanja yaikuru. Kholo lace ndi udzu wa kangala kakang'ono, ka njere zowerengeka ndi zolimba. Alimi a kumeneko anasunga njere zabwino zokha caka ndi caka, kufikira ngala zinakula nizikhala zitsononkho zodzaza. Utapita ulendo wa Columbus wa m'caka ca 1492, zombo za Apwitikizi zinafika naco cimanga pa magombe a Africa, pamodzi ndi cinangwa ndi mtedza za ku South America. Makolo anayesa mbeu zacilendozo, naziona kuti nzabwino, nazilandira. Anthu otere sanali mbuli.

Masiku a pambuyo anadza ndi zatsopano zina. M'caka ca 1909 Fritz Haber wa ku Germany anapeza njira ya kutenga cakudya ca mbeu mu mpweya, ndipo m'nzeru imeneyo munaturuka feteleza wa m'matumba. Kunadzanso makina olimira ndi mbeu zoca msanga.

Koma zonsezi sizinathetse njala. M'caka ca 1949 mvula inaleka pakati pa dzinja, cimanga cinafota kum'mwera kwa dziko lino, limene pa nthawiyo linali Nyasaland, ndipo anthu anadya mizu, nayenda maulendo atali kukasuma. M'caka ca 2002 njala inaphanso anthu m'midzi. Mudzi wodalira cimanga cokha uli ngati nkhokwe ya mwendo umodzi. Mapira ndi cinangwa zipirira cilala, cimanga cikalephera. Feteleza naye afuna ndarama, ndipo saletsa madzi kukokolola nthaka.

Apa ndipo pafunika mwana wophunzira. Iye adziwa kuti mizere yopingasa pa citunda iimitsa madzi, pamene yotsetsereka ikumba zigwembe. Adziwa kuti ku mizu ya nandolo, nyemba ndi mtedza kuli tinthenda tating'ono tobwezera nthaka conde cace, cifukwa cace asinthanitsa mbeuzi ndi cimanga. Satentha mapesi, koma awakwirira kuti aole. Sadula msangu m'munda, pakuti mtengowu uyoyola masamba ace nthawi ya mvula, ndipo cimanga cikondwa patsinde pace. Adziwanso kuwerenga madengu a m'nkhokwe ndi miyezi yotsala kufikira masika, kuti a pabanja asagulitse kapena kufulula mowa ndi cakudya ca ana. Yosefe anapulumutsa Egypt ndi nzeru yomweyi, posunga dzinthu za zaka 7 zakucuruka.

Nzoona kuti si ana onse adzakhala alimi. Ena adzakhala aphunzitsi, ena asing'anga, ena adzagwira nchito kutauni. Koma onsewo adzamva njala tsiku ndi tsiku, ndipo ndarama sizigula kanthu pamene nkhokwe za dziko ziri zopanda kanthu. Tsono mwana asacite manyazi ndi matuza a m'manja, kapena kuzemba nthawi ya kulima m'munda wa sukulu. Mulungu apatsa mvula ndi dzuwa, koma kusunga nthaka anakusiyira anthu. Akuru anati, m'mera mpoyamba. Mwana wozolowera khasu pamodzi ndi buku adzasiyira ana ace munda wabwino woposa umene iye anaulandira.